Mzere wa ku Rivirivi ndi chitosi cha ntchentche

Balaka, Ogasiti, chaka changa chachisanu ndi chiwiri pa ntchito

Ndinatulutsa pepala la madontho a malire m'kabati n'kuliimika pawindo kuti dzuwa liwombe kumbuyo kwake. Pakona ya kumtsinje panali madontho awiri, otalikirana ngati theka la chikhadabo. Limodzi linkalowetsa kuwala chifukwa linali bowo la singano. Linalo silinkalowetsa. Ndinalikanda pang'ono ndi chala, m'mphepete mwake munachoka. Chinali chitosi cha ntchentche. Ndinayala mapu anga pamwamba pa pepalalo. Mzere wa malire umene ndinajambula ndi dzanja langa miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo unathera pa chitosicho, osati pa bowo. Panja pakhonde panali patakhala mayi wa ku Rivirivi amene dimba lake linalowa m'waya wa esiteti chifukwa cha mzere umenewo. Linali tsiku lake lachitatu pakhondepo.

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinayamba ntchito pa tebulo koma ndinapuma ndili wokoka tcheni yoyezera malo kutchire. Ndinkakuyankhani kuti anthu amasamutsidwa. Si bodza, koma si zonse. Ndilemba apa mmene zinakhalira. Ndiyamba ndi ntchitoyo, apo ayi simumva.

Machinga, chaka choyamba

Ndinalowa ngati mesenjala pa ofesi ina yoyeza malo ku Machinga, patangopita zaka zochepa dziko litalandira ufulu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8 kwathu ku Nsanama. Ndinkasesa, kunyamula mafayilo ndi kuwiritsa tiyi. Mkulu wa chipinda chojambulira mapu anali a Msowoya, munthu wa kumpoto, wamfupi, wokhala ndi kaliwo kukamwa tsiku lonse koma osayatsa, poopa kuti phulusa lingagwere pa mapu. Tsiku lina anatsegula buku lolembamo makalata obwera, napeza kuti ndajambulamo mizere. Analipendeketsa n'kuliyang'ana ndi diso limodzi.

"Wajambula ndani?"

"Ine, bwana."

"Rula unaitenga kuti?"

"Ndilibe. Ndinagwiritsa chikuto cha fayilo."

"Mawa ubwere ndi m'manja moyera. Tsache agwire wina."

Ntchito inkayenda motere. Saveya amapita kutchire ndi anthu ake, amayeza, amakhoma miyala ya simenti m'makona a malo, imene tinkati mabikoni, n'kubwera ndi nambala m'buku. A Msowoya ankatenga nambalazo n'kuzisandutsa madontho pa pepala lolimba. Kona iliyonse ankaibaya ndi singano, kenako n'kuzunguliza bowolo ndi pensulo kuti lioneke. Ine ndinkayala pamwamba pake nsalu ya mapu. Nsaluyi inali yopyapyala, yosalala ngati yopakidwa phula, yoonekera mkati. Ndinkaipaka ufa wa choko kuti inki igwire, kenako n'kulumikiza dontho ndi dontho pogwiritsa rula yachitsulo. Cholembera chake chinali cha milomo iwiri ngati ya mbalame, ndi kasikuluwu kothinitsira kuti mzere ukhale wonenepa kapena wowonda. Inki tinkaidonthetsa pakati pa milomoyo. Nsalu ikatha kujambulidwa tinkaiyala pa pepala la mankhwala m'felemu ya galasi n'kuitulutsa padzuwa, n'kupeza makope opita kwa eni malo ndi kulikulu.

Miyezi itatu a Msowoya sanandilole kugwira nsalu. Ndinkajambula mizere pa nyuzipepala zakale, iwo n'kumang'amba. Ankati ndikoke mpweya ndisanayambe, nditulutse ndikafika. Ankati cholembera chikaima pakati chimasanza. Ankati rula ndiitsamiritse ndi zala zinayi, osati zitatu. Chimene ankabwereza kwambiri n'chakuti, "Iwe suganiza kumene mzere upite. Ndakupatsa poyambira ndi pothera. Udziwe bwino madontho ako awiri, basi." Kufufuta kunali ndi lamulo lake. Inki imeneyo labala saichotsa. Unkatenga lezala watsopano n'kupala pang'onopang'ono, kenako n'kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Nsalu imalola kupalidwa kamodzi pamalo amodzi. Kachiwiri imabooka. Ndipo chipsera sichichoka, aliyense woimika nsaluyo padzuwa amachiona. Chifukwa chake wopala ankayenera kulemba m'mphepete kuti wakonza chiyani, asaine, wamkulu asainenso pansi pake.

Chaka chatha Esinati, iwe, unandionetsa mmene mumajambulira mzere pa kompyuta kuntchito kwako ku Balaka. Unadina apa, unadina apo, mzere unabadwa. Unagwira kumapeto kwake n'kuukoka, unatsatira ngati mbuzi pachingwe. Unadinanso, unasowa. Ndinakufunsa kuti chipsera chili kuti. Unati palibe. Ndinati nanga wina adziwa bwanji kuti panali cholakwika. Unaseka. Ine sindinaseke, ndipo ukamaliza kuwerenga udziwa chifukwa chake.

Balaka, Disembala, chaka chachisanu ndi chimodzi

Anatisamutsira ku Balaka chifukwa cha maesiteti a fodya. Zaka zimenezo aliyense wamkulu ankafuna esiteti, ndipo lizi, chikalata chobwerekera malo kuboma, siinkatuluka popanda mapu. Anatipatsa chipinda chimene kale chinali sitolo, kuseri kwa msika, pafupi ndi pogulitsira nyama. Waya wa pawindo anali wong'ambika. A Msowoya analemba kalata yopempha wina katatu, sanabwere. Ukatseka windo thukuta limadonthera pansalu. Ukatsegula ntchentche zimalowa. Mu Disembala, nyengo ya mango, zinkalowa ngati zaitanidwa. Zinthu zinkasowa. Inki tinkaisungunula ndi madzi a mvula kuti ifike mwezi wina. Malezala ndinkatenga kunyumba, n'chifukwa chake pazithunzi za nthawi imeneyo ndili ndi ndevu. Mapensulo anatha, panatsala tizidutswa tolimba tosaoneka bwino, moti tizizunguliro ta a Msowoya pa madontho tinkachita kufunafuna.

Mapu a ku Rivirivi anali a bwana wina wamkulu wa chipani. Dzina sindilemba, anafa kale, ndipo ana ake alibe mlandu. Amene anayeza malowo anali a Jana, saveya wathu, chimunthu chachitali chaphokoso, wonyada ndi nambala zake kuposa china chilichonse. Linali Lachisanu masana. Dalaivala wa bwanayo anaimika galimoto pakhomo kuyambira m'mawa, kumangoliza hutala. Kawiri analowa n'kuima kumbuyo kwanga. "Abwana akunyamuka mawa. Ndikawauze kuti wachedwetsa ndani?" Panatsala mzere umodzi, wautali, wa kumbali ya mtsinje. Ndinasuzumira pansalu, ndinaona kadontho kakuda pakona. Ndinaika rula, ndinakoka mpweya, ndinajambula. Unatuluka bwino. Sunanjenjemere, sunanenepe pena. Ndikuuzani zoona, ndinaunyadira. Mwa masiku onse a Msowoya ankaimika pepala ndi nsalu pawindo asanasaine. Tsiku limenelo hutala analiranso, iwo anangoyang'ana n'kusaina. Tinaotcha makope, dalaivala anapita.

Pa mapu amenewo theka la chikhadabo ndi mapazi oposa makumi asanu ndi limodzi pansi. Bikoni ikanakhalapo, palibe chikanavuta, chifukwa anthu amatsata mwala osati pepala. Koma mu Febuluwale madzi anagumula khwawa la pakona imeneyo, mwala n'kupita. Mu Juni kapitawo wa esiteti pokhoma waya anatenga kope la mapu, rula ya mwana wasukulu ndi chingwe, n'kutsata mzere wanga.

Balaka, Ogasiti, chaka chachisanu ndi chiwiri

Mayi uja dzina lake anali Abiti Yusufu, wamasiye, wa ana anayi. Anabwera wapansi. Tsiku loyamba kalaliki wa kutsogolo anamuonetsa kope n'kunena kuti, "Mayi, pepala ili lili ndi chidindo." Iye anafunsa kuti, "Chidindocho chinafikako kumtsinje?" Kalaliki anatseka kawindo. Mayiyo sanachoke. Ankagona kwa achibale ake kuseri kwa mzikiti, m'mawa n'kubweranso. Nthawi ya swala ankapita, n'kubwerera pamalo pomwepo. Tsiku lachitatu ndikutulutsa felemu padzuwa anandiitana.

"Achimwene, zala zanu zili ndi inki. Ndinu olemba mapepala amenewa?"

"Iyayi. Ndimangothandiza."

Ndinanama. Sindikudziwa chifukwa chake, pakuti nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe kanthu.

"Ndiye mukawauze olembawo. Ine sukulu sindinapite, koma mwala ndinauona. Anaukhoma kumtunda kwa mkuyu. Bambo wamtali waphokoso uja ndinamupatsa nzimbe, anakhala pamwala pomwepo n'kumadya. Lero waya wadutsa kumunsi kwa mkuyu. Mtengo umayenda?"

"Suyenda."

"Nanga chayenda n'chiyani? Chimanga changa chili mkati, mpiru uli mkati, chitsime chimene anakumba malemu chili mkati. Ndimachita kuzionera pawaya ngati ndapita kukaona wandende. Kapitawo wati mwezi uno azula zonse afese nazale ya fodya. Munda wakumtunda ndi mchenga wokhawokha, ambuje. Ana anga amadya dimba limenelo."

Ndinalowa mkati. Mkuyu umenewo ndinkaudziwa, chifukwa a Jana anauika pa mapu ndipo ndinaujambula ndine. Pa nsalu yanga unali mkati mwa esiteti. Apa m'pamene ndinatsegula kabati n'kuimika pepala pawindo.

A Msowoya ndinawaitana. Anayang'ana nthawi yaitali. Anachotsa kaliwo kukamwa, chinthu chimene sindinaonepo pa nthawi ya ntchito. Anapita kukakhoma chitseko.

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Iwe Makwinja, makope anapita kulikulu. Ali ndi siginecha yanga. Ukudziwa mwini wake wa esiteti imeneyi?"

"Ndikumudziwa."

"Sukumudziwa. Mphunzitsi uja wa ku Utale anangofunsa za njira ya ng'ombe. Wamuonanso? Ukapala mzere umenewu sadzati wakonza. Adzati wabera bwana malo, wakutuma ndani. Iwe ndiwe wa konkuno, mwina adzakumenya n'kukusiya. Ine ndine wa kumpoto. Kwanditsalira zaka zitatu kuti ndipume."

Anatsegula kabokosi kawo, anatulutsa singano n'kuiika patebulo panga.

"Baya pa chitosipo. Uzungulize ndi pensulo. Bowo lenilenilo ulisisite kumbuyo ndi chikhadabo, litsekeka. Ukatero pepala ndi nsalu zigwirizana. Palibe adzatsegule buku la Jana kuti awerengenso nambala."

"Nanga mayiyo?"

"Atopa. Onse amatopa."

Ndinati ndiganize kaye. Anati ndiganize msanga, n'kutsegula chitseko.

Madzulo ndinawauza amayi anu tili pakhonde, akusenda chinangwa. Anasiya mpeni.

"Ndiye ntchentche yapatsa munthu munda?"

"Ndapatsa ndine."

"Mukatengedwa, ife tipita kuti? Nyumba ino ndi ya ntchito."

Anasendanso pang'ono.

"Mayiyo ali ndi ana angati?"

"Anayi."

"Ife atatu."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiletsa kapena ankandituma. M'mawa ndinapeza andiikira lezala watsopano m'thumba la malaya. Mwina ankafuna ndimete ndevu. Sindinafunse.

Nditafika kuntchito singano inali pomwe anaisiya. Sindikunamizani kuti sindinaigwire. Ndinaigwira, ndinaiika pamwamba pa chitosicho. Inali ntchito ya kamphindi. Koma ndinaganiza kuti zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulumikiza madontho a eni ake, sindinapangepo langa. Ndikabaya, limenelo likhala dontho langa, ndipo cholakwa cha Disembala chisanduka chadala. Kudzera pa waya wong'ambika uja ndinkaona msana wa mayiyo atakhala pakhonde. Ndinabweza singano patebulo la a Msowoya. Ndinayala nsalu pagalasi, ndinamasula lezala.

Mzerewo unali wautali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono. Ndinayamba kupala kuchokera kumtsinje. A Msowoya anakhala pampando wawo osatembenuka, koma ankamva kulira kwa lezala. Patapita nthawi anadzuka n'kuima pambali panga.

"Waimika kwambiri. Uboola. Goneka lezala."

Ndinagoneka.

"Usapale motsata mzere. Dutsa chopingasa. Uzira fumbi."

Anaima pomwepo mpaka ndinamaliza, pafupifupi maola awiri. Anandipatsa supuni yawo ya tiyi yosalazira. Ndinapaka choko, ndinaika rula pa bowo loona, ndinaliyang'ana katatu padzuwa, n'kujambula. Pamalo opalidwa inki inafuna kuyenderera koma inagwira. Mkuyu unatsala kunja. M'mphepete ndinalemba kuti mzere wa kumtsinje wakonzedwa chifukwa wojambula analumikiza dontho lolakwika, ndinasaina. Ndinawapatsa cholembera. Anachiyang'ana n'kuvala jekete.

"Maso akundiwawa lero. Ndikupita kuchipatala."

Sindinawade, ndipo inunso musawade. Zonse zimene ndinkadziwa anandiphunzitsa ndi iwo.

Masana a Jana anabwera kuchokera kutchire. Ndinawaonetsa. Anakuwa mpaka ogulitsa nyama anasuzumira.

"Ntchentche! Ine masiku asanu ndikulimbana ndi minga ndi chitedze, nambala zanga zoyera ngati dzira, inu kuno mukuzipereka kwa ntchentche! Bwanji osaipatsa mpando ndi yunifolomu?"

Anatulutsa buku lawo, anawerengetsa kawiri, anayeza pansalu. Anasaina ndi zilembo zazikulu. Kenako anatsitsa mawu. "Wachita bwino, koma wadziphera ntchito. Mawa tipita limodzi. Zolankhula usiyire ine, iwe ndi kukamwa kwako kolemerako."

Potuluka anaona Abiti Yusufu. "Amayi a nzimbe! Pitani kwanu, musadye nyumba za eni. Mwala wanga ndikudzaubweza." Mayiyo anati, "Sikomo, ambuje," n'kumanga nsalu yake.

Rivirivi, tsiku lotsatira

Bwana uja tinamupeza pakhonde la nyumba ya pa esiteti. Pansi pa mtengo panali achinyamata a chipani anayi. Anayamba atifunsa makhadi a chipani, tinaonetsa. A Jana anayala kope latsopano patebulo n'kufotokoza. Bwanayo sanayang'ane kopelo. Anayang'ana ine.

"Ndiwe wasuntha malire anga?"

"Ndine, bwana."

"Wakutuma ndani? Amfumu? Mashehe? Kapena aja anathawira kunja?"

"Palibe."

"Nanga poyamba unalakwitsa bwanji, iwe wodya ndalama za boma?"

"Ntchentche, bwana."

Mmodzi wa achinyamata aja anandiwomba khofi kukhutu, ankayesa ndikuchita chipongwe. Khutu limenelo ndi lomwe mumakuwirako lero. Ndinali nditatenga pepala lolimba lija m'chikwama. Ndinalitulutsa, ndinapempha bwanayo kuti aliimike padzuwa. Analiimika. Ndinaloza bowo, ndinaloza chitosi. Anachikanda yekha ndi chala, chinachoka chonse. Anayang'ana chala chake, n'kuchipukutira pa thalauzi la kapitawo. Anayamba kuseka, achinyamata nawonso anaseka. Kenako anasiya mwadzidzidzi.

"Waya ndakhoma kale. Akhala pomwepo."

A Jana anavula chipewa. Sindinawamvepo akulankhula motsitsa chonchija.

"Bwana, ine ndine wantchito wanu. Koma nambala zanga zili kulikulu, ndipo sizigwirizana ndi waya ameneyu. Tsiku lina wina wosakufunirani zabwino adzatsegula fayilo. Adzakanena kumwamba kuti mwalanda dimba la mayi wamasiye kunja kwa lizi yanu, mayi amene amavina nawo pamisonkhano. Kadimba kameneko n'kochepa kuposa khola la ng'ombe zanu."

Masiku amenewo akuluakulu ankaopana okhaokha kuposa mmene ife tinkawaopera. Bwanayo anagogoda tebulo. Kenako anauza kapitawo kuti, "Nazale ikatha, usunthe wayayo." A Jana anati nazale ikafesedwa mbewu za mayiyo zizulidwa. Bwanayo anayankha kuti, "Ndanena." Anatembenukira kwa ine. "Koma munthu wosasiyanitsa dontho la boma ndi chitosi cha ntchentche asadzagwirenso cholembera. Ndikalankhula ndi akulu ako." Pamenepo sindinatsutse. Zinali zoona.

Kalata inabwera pasanathe milungu iwiri. Anandichotsa pa tebulo n'kundiika m'gulu la a Jana ngati wokoka tcheni. M'nyumba ya ntchito ija tinatuluka. Patapita chaka gululo linasamukira ku Ntaja, n'chifukwa chake munaphunzira kumeneko. Ndinakoka tcheni mpaka kupuma. Anzanga ankanditcha Che Ntchentche, ndipo ndinazolowera kuyankha. A Msowoya anapuma bwinobwino n'kupita kwawo. Tsiku lonyamuka anatumiza munthu kudzandipatsa rula yawo yachitsulo, popanda kalata. Ndi yomwe ili pamwamba pa kabati, imene ndinkakuletsani kudulira mapepala.

Rivirivi, Novembala, chaka chomwecho

Ntchito yanga yachitatu pa tcheni inali yokabweza bikoni ija. Fodya anali atamuwokera kumunda, waya anali atamusuntha dzulo lake. Tinayeza kuchokera pa mwala wa kumsewu. Ine ndinali kutsogolo, tcheni paphewa, ndikudutsa m'dimbamo. Munalibe chimanga, munalibe mpiru. Munali mabedi a nazale opanda kanthu ndi phulusa la mapesi amene anaotchera nthaka. Chitsime chinali chitagumuka mbali imodzi chifukwa cha ngolo zotunga madzi. Panatsala nzimbe zochepa m'mphepete. A Jana anakuwa kuti, "Pomwepo!" Ndinaima. Ndinali kumtunda kwa mkuyu, mapazi asanu kuchokera pakhwawa. Tinakumba, tinathira simenti.

Abiti Yusufu anaima patali ndi khasu mpaka tinamaliza. Anali ataonda. Anadula nzimbe ziwiri, imodzi anapatsa a Jana, ina anabwera nayo kwa ine. Anandiyang'anitsitsa.

"Si inu a pakhonde paja? Lero mulibe inki."

"Ndilibe."

"Akuchotsani kothandiza kuja?"

"Eya."

"Pepani. Olakwa amatsala pamthunzi, othandiza n'kumapsa ndi dzuwa." Anandipatsa nzimbeyo. "Dimba labwera, alihamudulila. Koma chaka chino lapita. Wamng'ono ndamutumiza kwa mlongo wanga ku Ntaja, sindikanatha kudyetsa onse. Wachiwiri wasiya sukulu, akupalira fodya mkati umo." Analoza kuseri kwa waya. "A Jana akuti panali munthu analemba mzere wabodza, ndiye panabwera wina n'kuukonza. Wokonzayo Mulungu amudalitse, iye ndi ana ake. Koma woyambayo, achimwene, inu mumamudziwa. Sindikufuna kumutukwana. Ndikungofuna abwere aime pano, aone phulusa ili, andiuze kuti tsiku limenelo ankayang'ana kuti. Dzina lake ndani?"

A Jana anasiya kutafuna. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumtsinje.

Mayiyo ankadikira. Ndinatsamiritsa nzimbe ija pa mkuyu. Ndinapinda tcheni, ndinaiponya paphewa, n'kuyamba kukwera kumsewu.